Tamales za mpongozi wanga pa Khisimasi: ufa wathu ukukana, ndichite bwanji?

Amake Mapasa, Kapata

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani ya kukhitchini, koma yandikhala pamtima mwezi wonse uno.

Mwana wanga wachisamba anakwatira mtsikana wa ku Mexico, kwawo ndi ku Oaxaca. Amakhala ku Lusaka, ndipo chaka chino ndi chachitatu akubwera kudzadya nafe Khisimasi kuno ku Chipata. Mpongozi wangayu ndilibe naye chifukwa. Nsima anaphunzira kuvundula, ndipo chibwabwa chotendera amachikonda kuposa ana anga obala ndekha. Anandiuza kuti kwawonso amadya nsonga za maungu ndi maluwa ake omwe, amaziphika msuzi pamodzi ndi chimanga chachiwisi. Inswa zitatuluka chaka chatha sanathawe ayi, anakhala pamphasa n'kuyamba kuthothola mapiko, akuti kwawo mvula yoyamba imatulutsa nyerere zouluka zimene amakazinga.

Koma pa 24 Disembala chaka chathacho ndinamupeza kuseri kwa khitchini ya panja ali pa foni. Kuno inali 8 koloko usiku, kwawo dzuwa lili paliwombo. Pa foni paja ndinaona amayi ake, azakhali ake ndi atsikana angapo atazungulira tebulo, manja onse ali mu ufa, akukulunga tinthu m'masamba a nthochi uku akuseka. Iye misozi ili chuchuchu. Ndinabwerera osamuyankhula. Amayi akewo anatisiya mu Epulo chaka chino, ndipo iye anakafika maliro ataikidwa kale.

Chakudyacho amati tamales. Nditachiona pa YouTube ndinati uwu ndi mkate wathu womwe uja timakulunga m'masamba a nthochi, kungoti iwo m'kati amaikamo nyama ndi msuzi wa tsabola. Ndiye Loweruka lapitali ndinayesa. Ndinatenga ufa wa bulekifasi makapu anayi, majarini, mchere ndi msuzi wa nkhuku, ndinakanda, ndinaikamo nkhuku yonyotsola, ndinakulunga, n'kuphika pa nthunzi ola lathunthu. Nditatsegula, zina zinanyenyeka m'manja ngati chigumu chosapsa, zina zinalimba gwa ngati nsima yogona. Lolemba ndinayesanso ndi mgaiwa, zinangosintha mtundu basi.

Chimanga n'chomwecho, moto ndi womwewo. Nanga chikusowa n'chiyani? Alipo anaphikapo chakudyachi ndi zinthu zopezeka kuno kwathu? Ndikufuna kuti akadzatsika basi pa 23 adzapeze fungo la kwawo m'nyumba mwanga, asadziwe kanthu mpaka nditavundukula poto.

Mlangizi Wopuma, Msekera

Amayi, manja anu alibe vuto. Vuto ndi ufa, ndipo ngakhale mutayesa kakhumi zidzatuluka chimodzimodzi. Ine ndili pantchito ndinatumizidwa kukaphunzira za mbewu ya chimanga ku CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu, ku El Batán pafupi ndi Texcoco, kunja kwa Mexico City. Ndinakhalako miyezi ingapo, ndipo chimene chinandidabwitsa kwambiri sichinali m'munda koma pa mbale. Chimanga choyera ngati chathu, koma fungo lina, kukoma kwina, ndipo ufa wake ukaukanda umagwirana n'kupindika osasweka.

Chinsinsi chake n'chakuti iwo sagaya chimanga chouma. Amayamba achiwiritsa m'madzi a laimu, n'kuchisiya m'madzi omwewo usiku wonse, n'kuchitsuka, kenako amachipera chikadali chonyowa. Chimanga choterocho amachitcha nixtamal, ndipo phala lolimba limene limatuluka popera amati masa. Laimuyo amasungunula khungu la chimanga, lija ife timachotsa pokonola, ndipo zina mwa zosungunukazo zimasanduka ngati ulimbo wogwirizitsa ufawo. Kuwiritsako kumafewetsanso pang'ono m'kati mwa njere. Ufa wa kuchigayo sunadutse m'zonsezi, n'chifukwa chake umafuna kuuvundula pamoto kuti ugwirane, ndipo mukaukanda wosaphika umangomwazika.

Muyeso ndi uwu. Chimanga chouma, chosakonola, chosafumbwa, kilogalamu imodzi. Madzi malita atatu. Laimu magalamu 10, ndiye kuti supuni imodzi yaikulu. Sungunulani laimu m'madzi, thirani chimanga, chiwire pang'onopang'ono mphindi 30 kapena 45. Chimanga chamakolo n'cholimba, chimatenga nthawi kuposa cha haibulidi, choncho musadalire wotchi. Tengani njere imodzi muifikise ndi zala. Khungu likamasupuka mosavuta, ndipo mukailuma kunja kwafewa koma pakati pakadali poyera ndi polimba, phulani. Musachiphike mpaka kupsa ngati cha mphale. Vundikirani, chigone maola 8 kapena 12. M'mawa mudzapeza chasanduka chachikasu. Khuthulani madziwo, chitsukeni kawiri kapena katatu mukuchifikisa.

Zinthu ziwiri ndikupemphani musamale. Choyamba ndi laimu. Wa kumunda uja timathira m'nthaka ya asidi sagwira ntchito imeneyi, ndi mwala wongogaya. Wopaka nyumba musamuyandikize ku chakudya, simudziwa zimene anasakanizamo. Wofunika ndi laimu wodyedwa, amene amwenye amamutcha chuna, amapaka pa tsamba limene amatafuna. Funsani ku Down Shops ku Chipata konkuno, kapena mwana wanu akayang'ane ku Kamwala ku Lusaka. Chachiwiri ndi poto. Mapoto athu ambiri ndi a aluminiyamu, ndipo laimu amadya aluminiyamu, poto amada ndipo chakudya chimamveka chitsulo. Mphika wadothi ndiye wabwino, kapena poto wa enamelo wosagumuka.

Ndiloleni ndiwonjeze zimene zimandipweteka mtima ngati munthu wa zaulimi. Chimanga kwawo ndi ku Mexico komweko, anthu anayamba kuchiweta kuchokera ku udzu wotchedwa teosinte zaka pafupifupi 9,000 zapitazo kuchigwa cha mtsinje wa Balsas. Chinafika ku Africa ndi zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Mbewu inawoloka nyanja, koma nzeru ya laimuyi inatsalira. Chimanga chili ndi vitamini B3, koma ndi womangika, thupi silingathe kumutenga bwino pokhapokha laimu kapena phulusa litamumasula. Munthu wodya nsima yokha popanda nsawawa, nyemba kapena nyama amadwala pelagra, khungu limathetheka pakhosi ndi m'mikono ngati wapsa, m'mimba mumatseguka, mutu umasokonekera. Mu 1990 nthendayi inagwira anthu ambirimbiri othawa nkhondo ya ku Mozambique amene anali m'makampu a ku Malawi, nsawawa zitasowa pa chakudya chimene ankalandira. Anthu a kwawo kwa mpongozi wanu adya chimanga m'mawa, masana ndi madzulo kwa zaka zikwizikwi osaidziwa kwenikweni nthendayi.

Ambuye a ku Chadiza

Amake Mapasa, mwandikumbutsa kutali. Ine ndinaphikira masisitere zaka 11, ndipo mmodzi mwa iwo anali wa ku Michoacán, ku Mexico. Disembala akafika mayi ameneyu sankagona. Kuyambira pa 16 mpaka pa 24 ankasonkhanitsa ana a pamishoni madzulo alionse, kuyenda khomo ndi khomo ndi makandulo akuimba, kutsanzira Yosefe ndi Mariya pofuna malo ogona. Ankati kwawo zimenezi ndi Posadas. Tsiku lomaliza ndiye la tamales.

Zimene anena a Mlangizi n'zoona, koma laimu wa amwenyeyo ife sitinkamupeza. Tinkagwiritsa ntchito phulusa, ndipo sisitereyo ankati agogo ake ankachita chimodzimodzi. Phulusa la nkhuni zolimba, loyera, losefa bwino, losakhudzana ndi mapepala apulasitiki kapena parafini. Kapu ya phulusa pa kapu ya chimanga. Tinkaliwiritsa kaye m'madzi, n'kulisiya lidikhe, n'kutsanulira madzi a pamwambawo m'chimanga. Ndi chidulo chomwe chija timachezera therere, kungoti chaukali. Chimatenga nthawi yaitali pamoto kuposa laimu, ndipo mutsuke kwambiri, apo ayi chimawawa kukhosi.

Kuchigayo musapite nacho chonyowa, adzakubwezani chifukwa chimatseka sefa. Ife tinkasinja mumtondo pang'onopang'ono, kenako n'kupera pamphero. Sisitere ataona mphero yathu koyamba anaigwira ndi manja awiri, akuti ndi metate ya amayi ake. Mwayi wake ndi wakuti tamales sizifuna ufa wosalala kwambiri, wa mseremsere pang'ono ndiye wabwino. Kamakina kopukusira nyama kamathandizanso, mubwereze kawiri.

Tsopano pamene munalakwitsa penanso ndi mafuta. Majarini wosungunula sakweza. Pamafunika mafuta a nkhumba. Gulani mafuta oyera aja pa butchala, muwadule tizidutswa, muwasungunule pamoto wochepa, museferemo m'mbale, agone aundane. Pa kilogalamu ya ufa wonyowawo ikani kota ya kilogalamu ya mafuta. Yambani kupuntha mafuta okhawo ndi mthiko kapena ndi dzanja mpaka ayere ngati thovu. Apa ndi pamene mkono umatopa, ndipo apa ndi pamene anthu amanyengerera. Kenako muziponyamo ufa pang'onopang'ono, mchere, kasupuni ka bekingi paudala ndi msuzi wofunda wa nyama ija, mukupunthabe. Kuti mudziwe kuti zatheka, tapani kachidutswa muponye m'kapu ya madzi ozizira. Kakayandama, mwamaliza. Kakamira, pitirizani. Ufawo ukhale wofewa woti n'kupaka ndi supuni, osati wouma ngati wa mandasi.

Popeza mpongozi wanu ndi wa ku Oaxaca, muli ndi mwayi, chifukwa kumeneko amakulunga m'masamba a nthochi. Kwina amagwiritsa ntchito makoko ouma a chimanga, amene mu Disembala muno simungawapeze abwino. Dulani masamba osang'ambika, chotsani msana wake, muwawambe pa mbaula mpaka asinthe mtundu n'kuyamba kunyezimira, monga timachitira ndi mkate. Pakani ufa mopyapyala, ikani nyama ndi msuzi pakati, pindani mbali zinayi. Pansi pa poto yalani zitsononkho zotsuka, thirani madzi osafika pamwamba pa zitsononkhozo, yalani masamba, sanjani tamales, fundikani masamba ena, vundikirani zolimba. Sisitere ankaponya kandalama kachitsulo pansi pa poto. Madzi akamawira kamalira ngwe ngwe ngwe, kakangokhala chete mudziwe kuti madzi aphwa. Ola limodzi ndi theka. Mukaphula musatsegule msanga, zipume kaye mphindi 15, chifukwa zikadali zotentha zimaoneka ngati zosapsa. Yakupsa imasiyana ndi tsamba yokha osamata.

Koma mwana wanga, ndikuuzeni chimene chandivuta m'kalata yanu. Mukuti asadziwe kanthu mpaka mutavundukula poto. Bwererani mukawerenge zimene mwalemba nokha. Pa foni paja munaona chiyani? Simunaone anthu akudya. Munaona amayi atazungulira tebulo, manja ali mu ufa. Chimene analirira mtsikanayo ndi tebulo lija. Kwawo ntchito imeneyi ili ndi dzina lakelake, tamalada, wina akupaka, wina akuika nyama, wina akukulunga, nkhani zili m'kamwa, monga ife pokonola chimanga cha ukwati. Sisitere uja ankatiitana tonse, ndi wa kumunda yemwe, ndipo munthu wokwiya ankamutulutsa m'khitchini, ati tamales sizipsa wophika akakhala ndi mkwiyo. Mukamupatsa zophikaphika adzathokoza ndithu, koma mudzakhala mwamumana chenichenicho. Ndiponso amene amadziwa mmene amayi ake ankathirira tsabola ndi iye yekha, si ine, si a Mlangizi, si YouTube.

Mngoni wa ku Mtenguleni

Amayi, ndikulemekezani, koma ine ndikuona mosiyana. Mkazi akalowa m'banja amadya za pakhomopo. Khisimasi yathu ndi mpunga, nkhuku ya lokolo, mbuzi ndi thobwa, ndipo ana amadikira zimenezi chaka chonse. Mukayamba kusintha chifukwa cha munthu mmodzi, mawa wina adzakwatira ku China. Komanso mafuta a nkhumbawo, pabanja pathu ambiri sadya nkhumba, ena ndi a Sabata, ena ndi Asilamu. Mudzaphika chakudya choti theka la abale likaone ndi maso?

Mtsikana wa ku Kalongwezi

A malume a ku Mtenguleni, mpunga womwewo si wa makolo athu a pa Nc'wala, unachita kubwera, ndipo palibe wanena kuti mbuzi isaphedwe. Za nkhumba mwanena zoona, koma mafuta oundana a zomera aja ophikira makeke amagwira ntchito, ngakhale batala. Apange miphika iwiri, amange ya nkhumba ndi kachingwe ka tsamba kuti izidziwika.

Amake Mapasa, ine ndili ku Lusaka kusukulu. Ulipo ufa wopangiratu wotchedwa masa harina, wodziwika kwambiri ndi wa Maseca, umangothira madzi. Ndinaufunafuna kuno nthawi ina osaupeza, choncho musauwerengere. Samalani ndi ufa wa m'mashopu wolembedwa kuti cornflour, umenewo ndi sitachi wothira mu supu, si umenewu ayi.

Laimu akakanika pali njira yachidule. Chimanga chachiwisi cha kudimba, chija chayamba kukhwima pang'ono, muchisenge ndi mpeni, musinje, muthire batala, mchere ndi kashuga, mukulunge m'makoko ake omwe aawisi n'kuphika pa nthunzi. Zimenezi sizifuna laimu, ndipo ku Mexico amadya, amati tamales de elote.

Musaiwale chakumwa. Usiku wa pa 24 amamwa ponche, chakumwa chotentha cha zipatso. Zambiri tili nazo: bwemba, nzimbe zosenda zodula timizere, magwafa, maapozi, sinamoni, shuga wabulauni, ndi zikhokho zofiira zija za lumanda, zimene iwo amati jamaica. Chosowa ndi kachipatso kotchedwa tejocote. Ine ndinaponyamo masau ouma m'malo mwake ndipo zinakoma. Muwiritse zonse pafupifupi ola, aliyense amwe m'kapu ndi zipatso zake momwemo.

Mlangizi Wopuma, Msekera

Ambuye a ku Chadiza anena zimene ine sindikanatha kunena. Ndingowonjeza pa tsabola. Msuzi wofiira wa kumeneko sufuna ukali wa kambuzi. Amagwiritsa ntchito tsabola wamkulu wouma, monga guajillo ndi ancho, amene amapatsa mtundu ndi fungo koma sawawa kwambiri. Amamuwamba pang'ono, kumuviika m'madzi otentha, n'kumupera ndi adyo, anyezi ndi tomato. Kuno mungayandikire ndi paprika wouma wathunthu, amene alimi ena amalima, n'kuwonjeza kambuzi mmodzi kapena awiri. Musamupsereze powamba, akada amawawa ngati ndulu. Za msuzi wakuda wa ku Oaxaca wotchedwa mole musayambe nokha, mumalowa zinthu zoposa 20, ndi chokoleti chomwe.

Ndipo Khisimasi ikapanda kuyenda bwino mpata ulipo wina. Pa 6 Januwale ku Mexico amadula buledi wozungulira wobisamo kachidole ka mwana Yesu, ndipo amene wakapeza ndiye amaphikira anzake tamales pa 2 Febuluwale. Nthawi imeneyo kuno chimanga chachiwisi chimakhala chayamba.

Amake Mapasa, Kapata

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza. A ku Mtenguleni, mbuzi ilipo kale, yamangidwa kwa achimwene ku Katete, ndipo mpunga ndi thobwa sizidzasowa pa 25. Izi ndi za usiku wa pa 24. Mtsikanayu wadya nsima yanga zaka zitatu osakwinya nkhope, ndipo chaka chino alibe mayi wina koma ine. Za nkhumba mwandithandiza, mlamu wanga ndi wa Sabata, ndidzapanga miphika iwiri monga wanenera mtsikana wa ku Kalongwezi.

Ambuye a ku Chadiza, mawu anu anandilasa. Ndinagona nawo masiku awiri. Lachinayi ndinayesa ndi phulusa la nkhuni za msuku, makapu awiri a chimanga chamakolo, mumphika wadothi umene ndimaphikira nyemba. Chinatenga ola ndi kanthu kuti khungu liyambe kusupuka. M'mawa nditavundukula, fungo limene linatuluka sindinalimvepo chibadwire, ngati nthaka ikangonyowa ndi mvula yoyamba, koma lonunkhira chimanga. Ndinasinja mumtondo, ndinaumba kampira m'manja, ndipo kanagwirana osasweka. Ndinaima pakhomo la khitchini ndi kampirako nthawi yaitali.

Kenako ndinamuimbira foni pa vidiyo n'kumuonetsa. Sanayankhule. Ndinayesa netiweki yadula. Atayamba kuyankhula anafunsa kuti, Amama, mwachitenga kuti chimenecho? Ndinamuuza zonse, ndi za usiku uja ndinamuona kuseri kwa khitchini. Tinalira tonse awiri. Atapukuta misozi anayamba kundilamula ngati mwini khitchini, ndipo ndinakondwa. Akuti ndatsuka mopitirira, ndisiyeko khungu pang'ono kuti ufa ugwirane bwino. Akuti amayi ake ankapaka ufa mopyapyala kwambiri moti tsamba linkaonekera. Ali ndi tsabola wouma amene azakhali ake anamupatsira pobwera kumaliro, wakhala m'kabati chitsekere kuyambira Meyi chifukwa sankatha kutsegula phukusilo. Abwera naye. Asinthanso ulendo, afika pa 21 kuti tikagule limodzi nkhuku ndi mafuta ku Saturday Market.

Ndaitana ana anga aakazi awiri, mng'ono wanga ndi anzanga awiri a mu kwaya. Bambo a kunyumba, amene mwamwambo sakhala pafupi ndi mpongozi wawo, adzipereka okha kuti adzadula masamba a nthochi ndi kusonkha moto panja. Mpongozi wapempha kuti pa tebulo pomwe tidzakulungirepo tidzaike chithunzi cha amayi ake ndi kandulo, ndipo foni idzakhale yotsegula kuti azakhali ake ku Oaxaca azidzationa. Tidzayamba 4 koloko madzulo kuti kwawo kudzakhale kutacha.

Mphero ndapeza kwa apongozi a mng'ono wanga ku Mchini, koma mwanamphero anatayika, tikufunafuna mwala woyenera. Funso latsala ndi ili. Tikufuna kupanga makilogalamu anayi, ndipo kusinja ndi kupera zonsezo tsiku lomwelo sitingathe. Tikapera pa 23 madzulo, magetsi n'kuzima usiku wonse monga akuchitira masiku ano, ufa wonyowawo sudzasasa pofika mawa lake ndi kutentha kuno? Kapena ndi bwino chimanga chigone chathunthu chotsukatsuka, tidzadzuke m'mamawa kusinja? Ambuye a ku Chadiza, pamishoni paja munalibe firiji, munkatani?